Tinjira ta Mende

Tchire lililonse lili ndi eni ake, inu, musamangolowamo ndi chikwanje osafunsa.

Kuseri kwa nyumba ya a Hilda ku Nkhorongo kunali katchire kowirira, masuku, minga ndi udzu wofika m'chiuno. M'menemo, zaka makumi anayi zapitazo, amayi anzawo anakwirira mwana woyamba wa a Hilda, amene anabadwa wakufa. Mtayo sauikira mtanda, saulira mokweza, ndipo amuna sauzidwa malo. Mayi amene anawalozera malowo anatisiya kalekale.

A Hilda ankapazindikira ndi mbewa. Pansi pa minga pankathamanga sakhwi wa mphuno yaitali. Kouma kumiyala kunali achitute. Koma mende ankakonda pamalo amodzi okha, ponyowa, pamene udzu unathinana, n'kupondapo tinjira tawo. Pokumanira tinjirato m'pamene panagona mwanayo.

Chaka china a Hilda anakakhala miyezi isanu ku Nkhata Bay, kudwazika mchemwali wawo. Pobwera anapeza mwana wawo Goodwell watchetcha zonse, watentha, wadzala bulugamu.

"Njoka zatha tsopano, amama. Simundithokoza, simunena yewo?" anatero akuseka.



Bulugamu ndi woipa, amamwa madzi osasiyirako mnzake. Zaka zitatu zokha udzu unatha, pansi mbee, masamba ouma okhaokha. Mende anachoka. Sakhwi anachoka. Otsala anali makoswe a m'nyumba, oyenda paliponse opanda njira.

Masana aliwonse a Hilda ankazungulira m'mizeremo atawerama. Mitengo yonse yofanana. Mphepo ikawomba inkalira ngati khanda lili patali, iwo n'kutembenuka, kulirako n'kusamukira kwina.

Tsiku lina Goodwell anawapeza atagwada, akupalasa masamba ndi zala.

"Mwataya chiyani, amama? Foni?"

"Pamene unkatchetcha, sunaone tinjira ta mbewa?"

"Mbewa? Koma muli ndi nkhuli chomene! Ndidzakuguliraniko pa ulendo wa ku Lilongwe."

A Hilda anasiya kupalasa.

"Iwe si woyamba kubadwa, Goodwell. Mkulu wako ali muno."

Kuseka kunatha.

"Pati, amama?"

A Hilda anakweza dzanja, analoza kumanzere. Dzanjalo linasunthira kumtengo wina, kenaka wina, mpaka linagwera pabondo.

Goodwell anayang'ana pamene anaponda. Anadzutsa phazi limodzi pang'onopang'ono, n'kusowa poliika.