Amayi Asanamve

Mlongo wanga Faruk anamwalira Lachitatu m'mawa, ndipo munthu woyamba kulengeza za imfa yake sanali wa m'banja mwathu. Anali Shawn, mnzake amene ankawotcherera naye zitsulo ku Kalingalinga, mnyamata woti ngakhale chitumbuwa sangachilume asanachijambule.

Tsikulo ankamanga nsanja ya thanki ya madzi panyumba ya bwana wina. Faruk anali pamwamba, phazi linaterereka, n'kugwa chagada pa simenti. Ine anandiimbira ndili pa makina, popeza shopu imene ndimasokako zovala ili pafupi ndi pamene iwo amagwirira ntchito. Pofika kuchipatala ndinapeza atamufunditsa kale nsalu mpaka kumutu. Ndinalira mpaka mawu anasasa.

Amalume a Majidi, achimwene awo a amayi, anafika thukuta lili kamukamu. Anasuzumira pansi pa nsalu ija, anapemphera chamumtima, kenako anandikokera panja.

"Firdaus, pukuta misozi," anatero. "Amako sanamve."

Kwathu uthenga wa maliro sauponyera pazenera. Akuluakulu amayenda ndi miyendo yawo, amamulowetsa mayiyo m'nyumba, amamukhazika pamphasa, azimayi anzake ali mbali iyi ndi iyo kuti amugwire akamagwa. Akatero ndi pamene amanena. Ndipo amayi athu si munthu woti n'kuwadzidzimutsa. Ali ndi BP yoti ikakwera amaona mdima, ndipo chaka chatha anagwa pamsika mpaka kugonekedwa m'chipatala. Faruk ndiye anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Panthawiyo amayiwo anali pabenchi lawo pamsika wa kwathu ku Chazanga, akugulitsa tomato ndi tinsomba touma ta kapenta, osadziwa kanthu.

Tili chiimire pakhonde la chipatala, foni yanga inanjenjemera. Inanjenjemeranso. Nditatsegula Fesibuku, Faruk uyo akundimwetulira, atavala mkanjo wake woyera wa pa Idi. Pambali pake anaikapo kandulo, pansi pake mawu a Chingerezi omutsanzika, ndi tinkhope tolira mndandanda. Shawn anali atalemba dzina lonse ndi komboni yathu yomwe, kuti pasapezeke wophonya.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Shawn, chosa chija chithunzi. Manje manje."

"Ah sisi, nilila chabe mnzanga. Uja enze m'bale wanga, muziba."

"Ba mami sibanamvele! Wamvela? Sibanamvele!"

"Koma ba mami sibali pa Fesibuku."

"Bantu bamene babaziba bali pa Fesibuku. Chosa."

Ndinadziwa kuti akuyang'ana pa foni yakeyo.

"Makomenti yachuluka, sisi. Bantu bali kupepesa maningi. Nikachosa bazaona monga ninanama."

Akanakhala pafupi ndikanamuphwanyira foniyo pamphumi. Thupi la mlongo wanga lisanazizire n'komwe, wina akuwerenga makomenti ngati akuwerenga nkhuku zake. Amalume anandilanda foni. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, wamwalirayo ali ndi mayi. Chotsa." Shawn anachotsa, koma madzi anali atatayika kale. Ena anali atachikopera n'kuchiika pa masitetasi awo a Watsapu: anzake a mpira, mtsikana wina amene anaphunzira naye, ngakhale msuweni wathu Kabaso wa ku komboni ya George, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Pa Watsapu ndiye amayi analipo. Kuwerenga sadziwa, koma Faruk anawagulira foni n'kuwaphunzitsa kutumiza mawu ndi kuona zithunzi. Makasitomala akachepa, amakhala pakampando kawo n'kumatsegula masitetasi a anthu imodziimodzi, ngati akusankha nyemba.

"Ba malume, tibatumile chabe foni tibauze teka," ndinatero. "Vizafika kuli beve ise tikalibe kufika."

"Pa foni? Ali chiimire pamsika?" Amalume anapukusa mutu. "Iwe pita ukawatenge, ukawalowetse m'nyumba. Ukati kukubwera alendo. Ine ndimalize za pano, ndidutse kumzikiti nditenge a Shehe ndi amayi awiri. Usakanene kanthu. Mawu amenewa sanena mwana."

Ndinafuna kuwauza kuti foni siidikira a Shehe, koma ndinameza. Ndikuthamangira pa siteji ya basi, ndinaimbira a Salome, mayi amene amagulitsa mafuta ophikira pabenchi loyandikana ndi la amayi. Atangomva mawu anga anayamba kusisima. Ndinadziwa kuti nawonso aona kale.

"Ba Salome, osalila! Bali pafupi?"

"Bali kupimila kasitomala kapenta. Mayo ine, mwana wanga…"

"Tengani foni yao. Kambani kuti yanu yasila moto, kambani vilivonse. Musababwezele mpaka nifike."

Kuchoka ku Kalingalinga kupita ku Chazanga kulibe njira yachidule. Umayamba walowa m'tauni, kenako n'kukwera basi ina. Yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri inaima pa siteshoni, kondakitala akukuwira anthu amene sankafuna kukwera, mpando umodzi wokha utatsala. Ndinamupempha kuti tinyamuke. Anandiyang'ana n'kuseka, akuti ngati ndili pachangu ndigule ndege.

Pambali panga panakhala atsikana awiri, mitu ili pamodzi pa foni imodzi. Sindinafune kuyang'ana, koma mkanjo woyera uja ndinauona ndi ngodya ya diso.

"Ona uyu, ati wagwa pa thanki. Shemu, enze wabwino pamenso."

"Apa balemba ati enze wokolewa."

"Iye! Banyamata ba masiku yano."

Faruk, amene mowa sanaulawepo chibadwire, amene ankasala mwezi wonse wa Ramadani ali padzuwa ndi moto wa zitsulo. Munthu amene sanamuonepo analemba bodza limenelo ali pampando kwawo, ndipo tsopano linali kuyenda m'basi ngati nkhani ya pa wailesi. Ndinaluma nsonga ya mpango wanga kuti ndisakuwe. Ndikanati ndi mlongo wanga, basi yonse ikanayamba kundipepesa, ndipo wina akanandijambula.

Basi itanyamuka, ndinalakwitsa kutsegulanso foni. Chithunzi chija chinali chitafika pa gulu la Fesibuku la anthu a m'komboni mwathu. Pansi pake mafunso anali mbwee. Chachitika n'chiyani? Maliro ali kuti? Aika liti? Mayi wina analemba kuti akufuna nambala ya amake kuti awapepese. Ndipo pansi pake pomwepo, munthu wina wachifundo chopanda nzeru anali atailemba, nambala yonse ya amayi anga, kuti aliyense aione.

Ndinaimbiranso a Salome.

"Ili kulila chabe mu epuloni yanga, siileka," ananong'ona. "Bali kufunsa ati nindani atuma so."

"Zimyani!"

"Siniziba pozimila, mwana wanga. Na bantu bayamba kubwela, baimilila chabe patali, babayang'ana."

"Bapitikiseni. Nili pafupi."

Sindinali pafupi. Tinali titaima pa msewu waukulu wopita kumpoto, magalimoto atathithikana, ogulitsa madzi akuyenda pakati pathu mosatekeseka. Ndinayamba kulembera mmodzimmodzi amene ndinkawadziwa, chotsani chonde, amayi sanamve. Ena anachotsa n'kupepesa. Ena anawerenga osayankha. Mmodzi anandiyankha kuti nayenso ali ndi ufulu wolira.

Kenako foni inalira m'manja mwanga, ndipo dzina limene linaoneka linali la amayi. Ndinaiyang'ana ikulira mpaka inasiya. Chibadwire sindinakanepo foni ya amayi. Posakhalitsa a Salome anaimba, mawu ali pansipansi.

"Banilanda. Bakamba ati foni ni yao."

Pamene basi inakhota kulowa ku Chazanga sindinadikire kuti ifike pa siteji. Ndinamenya chitseko, ndinatsika, ndinathamanga m'fumbi, nsapato imodzi ikuvuka. M'njira anthu amene ndimawadziwa ankandiona n'kuyang'ana kumbali. Ena ankatsegula pakamwa, ine osaima.

Msika wa ku Chazanga sukhala chete, koma mzere wa amayi tsikulo unali zii. Azimayi anali pamabenchi awo, aliyense akukonzakonza katundu wokonzedwa kale. A Salome anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Amayi anali ataima kuseri kwa milu ya tomato, foni ili m'manja, akuiyang'anitsitsa.

"Firdaus," anatero osadzutsa mutu. "Ntchito wasiyira ndani?"

"Amayi, tiyeni kunyumba. Kukubwera alendo."

"Taona kuno. Faruk ali paliponse lero. Ndatsegula ya Kabaso, ndi iyeyu. Ndatsegula ya mkazi wa neba wathu Kunda, ndi iyeyu. Foni ikulira, ndikati ndiyankhe, Salome akundigwira dzanja." Mawu awo anali odekha moti anandiopsa. "Ndati andiwerengere zalembedwa pansipa, akuti maso akumuwawa. Ndafunsa mayi wa anyezi uyo, akuti waiwala magalasi. Msika wonse wachita khungu lero. Iwe unapita kusukulu. Werenga."

Anandiyandikizira foni kumaso. Chala chawo chachikulu chinali pa kandulo ija. Ndinayang'ana mawu a Chingerezi aja, ndinayang'ana amayi, ndinayang'ana pansi pamene akanagwera, pa miyala ndi madzi otayidwa. Amalume anali kutali. Kunama sindikanatha, kunena sindikanatha. Ndinatsegula pakamwa osadziwa chimene chituluke.

"Ayi." Amayi anabweza dzanja. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, maso anga otupa aja. "Usawerenge. Majidi akubwera?"

"Akubwera."

"Ndi a Shehe?"

Ndinagwedeza mutu movomera. Amayi anatseka maso, n'kugwira m'mphepete mwa benchi. Ndinaganiza kuti akugwa ndipo ndinatambasula manja, koma anaima nji. Anandipatsa foni.

"Thimitsa chinthu ichi."

Nthawi yomweyo mayi wina wa kumtunda kwathu anatulukira pakati pa mabenchi, manja ali m'mwamba, atayamba kale kulira. "Amake Faruk! Pepani mwandi, taona pa Fesi…"

Amayi anakweza dzanja, ndipo mayiyo anaima ngati wagunda khoma.

"Ine sindinamve kanthu," anatero amayi, mokweza kuti mzere wonse umve. "Palibe munthu amene wabwera pakhomo panga kudzandiuza kanthu."

Anatenga chiguduli n'kufunditsa tomato wawo. Anamanga thumba la kapenta, anakonza mpango kumutu, n'kuuza a Salome kuti awayang'anire benchi. Kenako anayamba kuyenda. Ine ndinawagwira mkono, ndipo ndinamva thupi lonse likunthunthumira pansi pa nsalu, koma mapazi sanaphonye. Anthu ankapatuka m'njira. Amene anali ndi mafoni m'manja ankawabisa kumbuyo. Wina akati ayandikire, amayi ankamupatsa moni wa masiku onse n'kupitirira.

Titafika kunyumba anamwa okha mankhwala awo a BP, osawakumbutsa munthu. Anasesa pabalaza, anayala mphasa, anandituma kuti nditunge madzi a alendo. Kenako anakhala pansi, miyendo atatambasula, manja ali pamaondo, maso ali pakhomo. Sanandifunse kanthu. Ine ndinakhala pambali pawo ndikumeza misozi, ndipo kudikira kumeneko kunandipweteka kuposa zonse za tsikulo. Panja ndinkamva anthu akusonkhana kuseri kwa mpanda, akunong'onezana, koma palibe analimba mtima kulowa.

Dzuwa litapendeka tinamva mapazi. Nsapato zinavulidwa pakhomo. Analowa amalume a Majidi, a Shehe, ndi amayi awiri a kumzikiti amene anakhala wina kudzanja lamanja la amayi, wina kumanzere. Analonjerana monga mwa mwambo. Amalume atayang'ana nkhope ya mlongo wawo, mphasa yoyalidwa kale ndi madzi odikira, anazindikira. Anayang'ana ine, kenako pansi, ndipo mawu onse amene anakonza m'njira anawathawa.

"Nenani, achimwene," anatero amayi. "Mwanayo ndinamubala ndine. Ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pa munthu."

Amalume anagwira dzanja la amayi ndi manja awo onse awiri.

"Mlongo wanga, Faruk watisiya."

Amayi ananena mawu amene Msilamu amanena akamva za imfa, onse mpaka kumapeto. Atamaliza ndi pamene anakuwa, mfuu imene anaisunga kuchokera kumsika, ndipo amayi awiri aja anawagwira asanafike pansi. Panja, anthu amene anadziwa kuyambira m'mawa anayamba kulowa mmodzimmodzi.