Hilda Staniforth ndi Nkhwali za Bwana

Wilf Staniforth anayamba kunola mipeni mumzinda wa Sheffield asanamere ndevu. Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkayamba kuiwalika, fumbi la mwala wonolera linali litamudzaza m'chifuwa, moti akamapuma mumamva ngati wina akucheka thabwa kuseri kwa nyumba. Onola mipeni onse ankadziwa kumene chifuwa chotero chimathera. Naye ankadziwa.

Mkazi wake, Hilda, ankawalitsa masipuni ndi mafoloko pa fakitale ina. Anali mayi wamfupi wa mikono yojintcha, ndipo mawu ake ankaposa kulira kwa makina.

Tsiku lina akudya, Wilf anaika foloko pansi nati, "Mayi a Jessie, ndikufuna ndikaonenso Cragshaw ndisanagone chagada."

"Inu? Kuchoka pampando apo kukafika pakhomo mumapumira panjira, ndiye phiri?"

"Ndiye ukandibereke."

"Mukuyesa sindingathe?"

Cragshaw ndi phiri lomwe Wilf anabadwira m'tsinde mwake, bambo ake akusema miyala. Ali mwana, njira yake inali ya aliyense. Umachoka pasiteshoni, kukwera mpaka pamwamba pa thanthwe, kutsata m'mphepete mwa phompho, kudutsa thengo lapamwamba lopanda mtengo, kenako kutsikira chigwa china chomwe chimakubwezera pasiteshoni pomwe paja. Koma bwana wina anagula phiri lonselo, nalitchinga ndi mpanda wa miyala, naikamo alonda kuti nkhwali zake ziziswana mwamtendere, iye ndi alendo ake azidzaziwombera m'mwezi wa Ogasiti.

Lamlungu lotsatira anakwera sitima ya m'mawa. Hilda anakulunga buledi wopaka mafuta a nyama ndi botolo la tiyi mu epuloni yake ya kuntchito, naimanga kumsana. Jessie, mwana wawo wamkazi, anawaperekeza akudandaula njira yonse kuti alonda akumeneko amamenya anthu.

"Amenye mayi ako?" anatero Wilf. "Bola awatengeretu bandeji alondawo."

Chikweza chinali chowawa. Wilf ankayenda pang'ono n'kuima, dzanja pamtengo, wefuwefu. Hilda sanamuthamangitse, komanso sanamufunse ngati abwerere. M'munsi mwa thanthwe anapeza miyala ikuluikulu yonolera, yozungulira ndi yobowoka pakati, yomwe osema anaisiya malonda atafa. Ina inali itamera ndere, ina itatsamirana ngati zidakwa. Wilf anaugwira umodzi, nausisita ndi chikhato.

"Mwina uwu anasema ndi bambo anga. Taona, Hilda, mwala womwewu unandilera, womwewunso ukundidya."

"Siyani kuusisita ngati mkazi wachiwiri. Tiyeni."

Pampanda panali chikwangwani choletsa. Hilda anachiwerenga mokweza, nachikolekapo chipewa chake kaye kuti amukankhe mwamuna wake kudumpha mpandawo.

Atafika pamwamba mphepo inawalandira kumaso. Thanthwe linatambasuka kutsogolo kwawo, lakuda ndi lokhakhala, miyala itasanjikizana ngati mikate, ndipo kumanja thengo lonse linali litachita maluwa ofiirira mpaka kumene maso amalekeza. Kumbuyo, kutali, utsi wa mzinda unali utagona ngati bulangete lakuda. Wilf anavula kapusi, nakoka mpweya mmene chifuwa chinamulolera. Hilda anamuona m'maso muli misozi, nayamba kutukwana mphepo kuti ikumuwonongera tsitsi.

Anatsata phompho mpaka dzuwa litafika pamutu. Ali pansi kudya buledi wawo, galu anatulukira m'tchire, pambuyo pake munthu wamtali wa jekete lobiriwira, chibonga m'manja. Anali Wragg, mmodzi wa alonda a bwana.

"Mukutani kuno? Chikwangwani simunachione?"

"Tachiona, achimwene," anayankha Hilda, m'kamwa muli buledi. "Chalembedwa bwino. Tiyi?"

"Nyamukani! Mubwerere njira yomwe mwadzera."

"Ife sitibwerera. Tikuzungulira. Titsikira kuchigwa uko."

"Thengo ili sapondamo munthu. Bwana akubwera ndi alendo mawa, mukufuna mubalalitse mbalame?"

Wilf anayesa kufotokoza kuti iye ndi mwana wa phiri lomwelo, koma chifuwa chinamugwira mawu asanathe. Wragg sanadikire. Anamugwira kolala, namukoka kuti aimirire, ndipo Wilf anagwa chogwada pamwala.

Hilda sanadziwe nthawi yomwe anaimirira. Anangozindikira kuti chibonga chija chili m'manja mwake, Wragg akuphethira ngati wadzidzimutsidwa kutulo. Munthu amene tsiku lonse amakanikiza chitsulo pagudumu lozungulira sulimbana naye pokokerana ndodo. Anachiyang'ana chibongacho, nayang'ana mutu wa mlondayo, kenako anachiponya kuphompho. Chinamveka kugunda miyala kawiri, basi zii.

"Iwe mkazi, wapenga?"

"Kachitole. Ndipo ukamugwiranso mwamuna wanga, uchitsatira komweko."

Galu anayang'ana mbuye wake, nakhala pansi. Wragg anawaloza chala, nati aona, kenako anadula m'tchire chothamanga, galu pambuyo.

"Wapita kukaitana anzake," anatero Wilf akupukuta bondo.

"Apite. Mwatha kudya?"

Thengo lapamwamba silinawachitire chifundo. Njira yakale inali itazimirira, ndipo pansi pa maluwa aja panali matope akuda omeza mwendo mpaka m'bondo. Kenako kunabwera mvula yowaza, yozizira. Wilf anayamba kudzandira, milomo itada. Pamalo ena pomwe madzi anakumba ngalande yakuya, anakhala pansi nati miyendo yakana.

Hilda anamasula epuloni, naimanga m'chiuno, nagwada patsogolo pake.

"Kwerani."

"Ndimangoseka ine, mayi a Jessie."

"Ine sindimaseka. Kwerani, nthawi ikutha."

Kupepuka kwake kunamuopsa Hilda kuposa matope. Mwamuna amene kale ankanyamula thumba la malasha paphewa limodzi tsopano anali ngati mtolo wa zochapa. Anamva kupuma kwake kukhutu, kukhwekhwereza, nalumira mano. Anamuwolotsa ngalandeyo, namutsitsa, nayenda naye atamukolowekera dzanja, pena n'kumuberekanso. Nsapato yake imodzi inatsala m'matope, anachita kuivuula ndi manja.

Mvula itakata anaona mpanda wa tsidya lina, ndi geti lotsikira kuchigwa. Pagetipo panaima anthu atatu: Wragg, mnzake wina, ndi mkulu wawo, bambo wonenepa wa ndevu zoyera dzina lake Hallam. Geti linali lomangidwa ndi tcheni.

"Mayi," anatero Hallam modekha, "lamulo la pano ndi limodzi. Wolowa mwakuba amatulukira pomwe analowera. Tembenukani."

"Mukuti tidutsenso thengo lonseli? Mukumuona munthuyu?"

"Anabwera ndi miyendo yake."

"Msewu ndi uwo, ndikuuona ndi maso anga. Tsegulani."

"Sizitheka. Tikakutsegulirani inu, Lamlungu likubwerali fakitale yonse ili pano."

Hilda anamukhazika Wilf pamwala, namufunditsa jekete lake. Kumenyana ndi amuna atatu sakanatha, kubwerera kukanamupha Wilf, ndipo kupempha anali atapempha kale kamodzi, zomwe kwa iye zinali zokwana. Atatembenuka anaona kamutu ka nkhwali katasuzumira m'tchire chapafupi.

"Chabwino," anatero. "Mwati nditembenuke."

Anamasula epuloni ija, naigwira m'makona awiri, nalowa m'tchire akuikupiza pamwamba pa mutu. Kenako anatsegula kukamwa. Anakuwa mfuu yomwe ankaitanira anzake pakati pa makina, ndipo phiri lonse linayankha. Nkhwali zinabuka pamapazi ake, phaa, zina kumanja, zina kutsogolo, gulu ndi gulu, zikulira, zikuuluka chopendekeka kuwoloka mpanda kulowera kuphiri la mwini wina.

"Leka! Iwe, leka!" anakuwa Wragg akumuthamangira.

Hilda anamuzemba, nadumpha chitsamba, nakuwanso. Gulu lina linanyamuka. Agalu a alonda, poona mbalame, anaiwala mwambo nayamba kuthamangitsa nawo, akuuwa. Mlonda wachiwiri uja pofuna kugwira galu anaterereka, nakhala pansi m'matope, thapsa!

"Ndibwerera, bambo Hallam!" anafuula Hilda, mpweya ukumuthera. "Ndibwerera njira yonse, ndikuimba chonchi mpaka kuthanthwe! Mawa alendo a bwana adzawombere nkhosa!"

Hallam anayang'ana kumwamba komwe mbalame zake zinkathera, nayang'ana mayi wamatope uja ali chiimire m'maluwa, epuloni m'mwamba, wokonzeka kuyambiranso. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa kiyi.

"Wragg, musiye. Atuluke. Atuluke msanga!"

Hilda anapinda epuloni yake mosafulumira, nakamudzutsa mwamuna wake. Podutsa pageti Hallam anamufunsa dzina kuti akamunenere kwa bwana.

"Hilda Staniforth, wa ku Sheffield. Mukalephera kulitchula ndidzabwera ndidzawauze ndekha."

Wilf anadzigwira mpaka atakhota pakona pomwe alonda sakanawaona. Pamenepo anaphulika kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinamupinda pakati, akutsokomola, misozi ili mbwee, akumenya mpanda ndi kapusi.

"Adzawombere nkhosa! Mayi iwe, undipha chifuwa chisanandiphe!"

"Pumani bwino, chitsiru inu. Sitima sidikira."

Anatsika chigwacho pang'onopang'ono, motsata kamtsinje ka madzi ofiira ngati tiyi, nakafika pasiteshoni pomwe anayambira m'mawa, koma potulukira mbali ina. M'sitima anthu ovala za kutchalitchi anawapatsa malo ambiri poopa matope awo.

Wilf sanakwerenso phiri lina. Miyezi yotsatira anaithera pampando pafupi ndi moto, ndipo aliyense wobwera kudzamuona sankachoka asanamve za nkhwali, zomwe zinkachulukirachulukira nkhaniyo ikamabwerezedwa. Anamwalira chisanu chili pachimake. Bwana uja sanatumize munthu, kaya Hallam anachita manyazi kukanena kuti anagonja kwa mayi mmodzi ndi epuloni.

Nyengo yofunda itabwerera, Hilda ali pagudumu lake, nkhope yakuda ndi fumbi, mnzake wogwira naye ntchito dzina lake Mabel anamukodola pa nthawi ya tiyi. Kumbuyo kwa Mabel kunali amayi ena angapo, makapu m'manja.

"Akuti kumtunda kuja munthu umaona mpaka kutali," anatero Mabel. "Ife sitinapiteko chibadwire. Koma alondawo, akuti amamenya?"

"Amamenya," anayankha Hilda, namwa tiyi wake. "Sitima imanyamuka m'mawa. Muvale nsapato zolimba."