Chinangwa cha m'Katoni

Kufakitale ya makatoni ku Blantyre, Sebastiano ankaphika phala la ufa wa chinangwa limene makina ankapaka pamapepala kuti alimbe. Ntchito itatha anabwerera kwa Ndamera, n'kupeza mapira atapsa ndi dzuwa, anthu akudya nyika za m'dambo.

Tsiku lina nyika nazo zinasowa. Mkazi wake Juliana anapeza mwana wawo Ireen akutafuna chidutswa cha katoni imene Sebastiano anabweretseramo zovala.

"Lavula, wasanduka mbuzi kodi?" anatero Juliana, akufuna kumulanda.

Sebastiano anamugwira mkono. "Musiyeni, make Ireen. Muli chinangwa pang'ono mmenemo. Ndinkathiramo ine, matumbamatumba."

Juliana anaiyang'ana katoniyo nthawi yaitali. Kenako anang'ambako chidutswa china, n'kupatsa wamng'ono amene anali kumsana.