Zala Zinayi pa Mkono

Ndiye ngati ndi mankhwala okha, n'chifukwa chiyani mawangawo ali anayi, ondondozana ngati zala, ndipo lachisanu lili kuseri kwa mkono, pomwe chala chachikulu chimagwera? Funso limeneli wokonza mafoniyo analinyamula kuchokera kunyumba mpaka pa benchi ya kuchipatala, pomwe tsopano anakhala ngati wakuba wogwidwa pamsika, kumanja kuli mkazi wake atapinda manja, kumanzere kuli mlamu wake atapinda nkhope.

Mlamuyo, mchimwene wa mkaziyo, anawaona mawangawo dzulo pa mkono wa mlongo wake pamene ankamupatsira kapu ya tiyi. Sanakuwe ayi. Anangoti, "Alamu, mawa kuchipatalako tipitira limodzi," ndi mawu ozizira aja a munthu amene wasunga chibakera m'thumba.

Chibadwireni mwana wawo, pamene magazi anaundana m'mwendo wa mkazi wake, mwendo n'kutupa ngati mtondo, adokotala n'kunena kuti chibuluma chija chikadathawira kumapapo bwenzi akukamba zina, mayiyo ankamwa kapilitsi kosungunula magazi madzulo aliwonse, n'kumabwera kuno kudzayezetsa. Anauzidwa kuti thupi lizichita mawanga msanga, ndipo wokonza mafoniyo anadzionera yekha: ngodya ya tebulo ikangokhudza ntchafu, m'mawa pankadzuka pali bii ngati pamenyedwa ndi bulu. Zonsezo ankazidziwa, akadathanso kumufotokozera mlamu wake bwinobwino monga amafotokozera kasitomala chifukwa chimene foni yasiyira kutchaja. Koma tebulo lilibe zala.

Linali tsiku lija m'mbali mwa msewu waukulu, akukangana za ulendo. Mkazi wake ankafuna kukaona amayi ake, ulendo wa tsiku lathunthu m'basi, ndipo iye anakana, poti adokotala analetsa kukhala nthawi yaitali miyendo ili chipindire. "Mwandisandutsa dzira," anatero mayiyo, n'kuponda mumsewu osacheuka, ndiye iye anamugwira mkono, njinga yamoto n'kudutsa fyuu, woyendetsayo akutukwana. Basi. Nkhani yake ndi yomweyo, ndipo aliyense woimva angamuombere m'manja. Koma iye, munthu wozolowera kumasula zinthu n'kuyala tizidutswa patebulo, mphindi imeneyo anali ataimasula kambirimbiri — mawu a dzira aja, dzanja, kulira kwa njinga — ndipo ulendo uliwonse akaibwezeretsa, pankatsala kachidutswa kamodzi kosowa malo. Kodi anayamba waona njinga kenako n'kugwira, kapena anagwira kaye, ndi mkwiyo, kuti mkazi asamuchokere iye akulankhula, njingayo n'kungobwera mochedwa kudzamupulumutsa iyeyo? Zala zake zomwezi, zimene zimatola kachitsulo kochepa kuposa njere ya mchenga osakagwetsa, zinafinyiranji chotero?

Khomo linatseguka. Analowa onse atatu.

"Wodwala ndani apa, kapena mwabwera kwaya?" anafunsa namwino.

Palibe anaseka. Namwinoyo anabaya chala cha mayiyo, n'kudonthezera magazi pa kamakina, ndipo podikira, wokonza mafoniyo anayang'ana thonje limene mkazi wake anapanikiza pachala, likufiira, likufiirabe, ndipo mantha ena, akale, aja a usiku wa mwendo wotupa, anakankha mantha a mlamu n'kukhala pamalo pake. Bwanji ngati mkati mwa thupimo mukudonthanso chonchi, mwakachetechete, iye ali kalikiliki kudziweruza za njinga?

"Magazi asungunuka mopitirira, mayi. Ali ngati tiyi wa kwa munthu womana. Mukumwanso chiyani?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Timapilitsi ta mutu. Ta kugolosale."

"Ndi timeneto. Mapilitsi ena sagwirizana ndi mankhwala anuwa. Mwachita bwino kubwera lero."

Namwinoyo anafunsa za nkhama, za mkodzo, za chizungulire, anaitana adokotala, ndipo adokotala anati palibe chizindikiro choti mkati mukutaya magazi, achepetse mlingo, asiye za kugolosalezo, abwerenso posachedwa. Mawu amenewa anatsikira mwa wokonza mafoniyo ngati madzi ozizira, mpaka anazindikira kuti chifikireni ankapuma ndi theka la chifuwa.

"Nanga izi?" anafunsa mlamu, akuloza mkono wa mlongo wake.

"Ndi magazi otere, bambo, ngakhale khanda litakukokani mkono limasiya saini."

"Abambowa anandilanditsa ku njinga yamoto, achimwene," anatero mayiyo, msangamsanga, maso ali pa thonje.

Nkhope ya mlamu inayamba kumasuka khwinya limodzilimodzi. Potuluka anamenya wokonza mafoniyo paphewa, mwamphamvu ndithu, ngati kuti chibakera chija chinayenera kutuluka m'thumba mwanjira ina.

"Alamu, ndinatsala pang'ono kukugonekani m'wodi ya chipatala chomwechi. Bwanji osanena?"

"Simunafunse."

"Aa, inunso! Munthu kukhala chete ngati foni yakufa. Tiyeni, zakumwa ndigula ine."

Ndipo mlamu anaseka, wokonza mafoniyo nayenso anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, chifukwa kunja kunali dzuwa, ogulitsa malonda akukuwa, mkazi wake akuyenda ndi miyendo iwiri yofanana, magazi ake awapeza nthawi ikadalipo, banja lili chilili, ndipo mlandu unatha popanda kuzengedwa — nanga munthu angafunenso chiyani? Mwina anaionadi njinga ija. Diso limaona zinthu mutu usanadziwe, iye mwini amadziwa foni yomwe yalowa madzi asanaitsegule. Mwina dzanja linali lanzeru kuposa mwini wake. Kungoti mkazi wake anayankha msanga kwambiri muja, ngati yankho limene analikonzeratu kunyumba, ndipo munthu sakonzeratu yankho la funso limene sanadzifunsepo.

Anafika pamsewu waukulu uja. Mlamu anali atawoloka kale, akuwakodola kutsidya. Magalimoto ankadutsa mothithikana. Mkazi wake anasendera m'mphepete, phazi limodzi lili kale pa phula, ndipo dzanja la wokonza mafoniyo linanyamuka lokha, n'kuima m'malere, osadziwa pogwira.

Mayiyo sanacheuke. Anangotambasulira mkono kwa iye, womwewo wa mawanga.

"Gwirani, abambo. Koma ngati foni ya eni."

Anagwira. Zala zinagwera chilichonse pa banga lake, ndendende, osatsala kachidutswa, ndipo pansi pa chala chachikulu anamva magazi akugunda, ofunda, opyapyala, akuthamanga, osadziwika ngati ndi a mkazi wake kapena ake.