Bering'i ya Kumanja

Zaka khumi ndi zinayi ndinagwira ntchito m'galaja ya pa esiteti ya tiyi ija, ine Malizani, mpaka zikhadabo zanga zinaiwala kuyera. Ndiye m'chaka cha 1957 bwana anabwera ndi munthu wa ku Limbe, dzina lake Leonard, ali ndi pepala la sukulu ya umakaniko. Tsiku lomwelo ndinauzidwa kuti Leonard ndiye mkulu wa galaja, ine ndizingopaka girizi. Nyumba ya njerwa ndinatulukamo, ine ndi mkazi wanga Eneless n'kukaunjikana kumalayini a otchola tiyi, m'kachipinda kodontha. Zimenezo ndikanameza. Chinandikhala pakhosi n'chakuti Leonard, munthu woti ndikanam'bereka, anandiitana kuti "iwe" pamaso pa madalaivala, nati zomvera galimoto ndi makutu n'zausing'anga.

Chabwino, ndinati tiona.

Mvula ya Januwale itakhwima, Landirova ya bwana, ya bodi kumbuyo yokoka ndi matayala onse anayi, inayamba kulira kutsogolo. Huuu, ngati njuchi mumtsuko. Galimoto imeneyo inkawoloka timitsinje tsiku ndi tsiku poyendera minda, madzi ndi matope n'kumalowa mkati mwa habu, pakati pa tayala pamene pamakhala bering'i, girizi n'kusukuluka. Bering'i, chitsulo chimene tayala limazungulirapo, ikauma chotero imadyeka, kenako imayamba kudandaula.

Lolemba Leonard anapita kukaiyesa, ine atandikweza kumbuyo ngati thumba la feteleza. Pa kona ya kufakitale, tikukhotera kumanzere, kulira kunakula. Pobwerera, tikukhotera kumanja, zii. Ine ndinadziwiratu. Galimoto ikamakhotera kumanzere, kulemera kwake kumatsamira pa tayala la kumanja, ndiye ikakuwa pamenepo, yodwala ndi ya kumanja. Koma mnzathu wa pepala anatsika akupukuta manja.

"Yalira pokhotera kumanzere," anatero. "Ndi ya kumanzere. Iwe, bweretsa jeke."

Aa, mtima wanga unavina! Jekeyo ndinabweretsa chothamanga. Ndinam'thandiza bwinobwino kuchotsa tayala, kutsegula habu, kutsuka zonse ndi palafini. Bering'i imene anatulutsa inali yosalala, yopanda ndi kachipsera komwe. Anaiyang'ana nthawi yaitali, koma madalaivala anali pomwepo, ndiye anaiponya pansi n'kuikamo yatsopano, imodzi yokha imene inalipo m'sitolo ya esiteti. Yotayidwayo ndinaitola, ndinaikulunga pa nsanza n'kuibisa.

Lachiwiri galimoto ikulirabe. Leonard anati ndi matayala, tinawasinthanitsa. Lachitatu anati vuto lili kunsi, tinagona m'matope tsiku lonse. Bwana nkhope inayamba kufiira, nati likafika Loweruka isanachire, Leonard abwerere kumene anachokera. Eneless atamva anandichonderera.

"Abambo, muuzeni mwana wa eni ake. Galimotoyo ipha munthu."

Ndinamuyankha kuti za galaja azisiye. Ndinkafuna nyumba yanga, ndipo sindibisa, ndinkafunanso kumuona munthu uja atagwetsa nkhope.

Loweruka m'mawa bwana anabwera nayo yekha, ikubuula moti amayi otchola tiyi anaweramuka kuti aone. Anatsika, anamuyang'ana Leonard, kenako anatembenukira kwa ine.

"Malizani, ungathe?"

Ndinalunjika ku tayala la kumanja. Ndinalavulira pa habu ya kumanja, malovu anati tswii. Ndinaikweza pa jeke, ndinagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Gwede, gwede! Aliyense anamva. Nditalizunguza linati kherekhere ngati mukupera mchenga. Potsegula, girizi anali atasanduka phala lakuda, bering'i itadyeka mbali yonse, chitsulo chake chitachita buluu ndi kutentha. Ndinatsuka, ndinatulutsa ija ndinabisa ija, ndinaidzaza girizi ndi chikhatho mpaka atatulukira mbali ina. Nati yomangira habu ndinaimanga zolimba, kenako n'kuibweza pang'ono kuti tayala lizizungulira momasuka koma losagwedera.

Bwana anaiyendetsa mpaka kufakitale n'kubwerera. Chete, injini yokha. Anamuuza Leonard kuti dzuwa lisanalowe akhale atatuluka m'nyumba. Madalaivala anayang'ana kumbali. Ine kukoma kwake! Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Wachita bwino," anatero bwana kwa ine. "Unadziwa liti kuti ndi ya kumanja?"

Munthu wanzeru akanati lero lomwe. Koma ine ndinafuna Leonard amve, ziwawe mpaka m'mafupa.

"Lolemba, bwana. Pa kona ya kufakitale."

Bwana anandiyang'anitsitsa. Kenako analankhula motsitsa, ndipo mzungu ameneyo akatsitsa mawu zinthu zimakhala zaipa.

"Lachinayi ndinatsika nayo chitunda cha kumtsinje ndili ndi mkazi wanga ndi mwana. Iwe ukudziwa kuti tayala likhoza kuthothoka. Unandiona ndikutuluka pageti."

Ndinam'onadi. Ndinam'vulira ndi chipewa chomwe.

"Nonse awiri muchoke," anatero.

M'mawa mwake tinali pa msewu wa ku Khonjeni kukadikira sitima, Eneless atasenza mtolo, osandiyang'ana n'komwe. Nyumba ya njerwa tinaidutsa ili yotseka, mulibe munthu. Zinandipweteka, ndisaname, ndipo misozi ndinaimeza chifukwa Leonard anali kumbuyo kwathu ndi sutikesi yake.

Pa siteshoni Leonard anakhala patali kaye. Sitima itachedwa anasendera, maso ali pansi.

"Zatha izi," anatero. "Kumene ndikupita ndikafunanso ntchito yomweyi. Tandiuzani chabe, munadziwa bwanji musanaikweze pa jeke?"

Eneless anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. Yankho lake linali mawu ochepa, oti ndikanamaliza sitima isanaime. Ndinalibe ntchito, ndinalibe nyumba, chimene ndinatsala nacho chinali nzeru yomweyo.

"Kafunse amene anakupatsa pepala," ndinatero, n'kunyamula katundu wanga.