Sipeya Ili kwa Mng'ono Wawo

A Dongosolo sankabweza mawu akangowatulutsa. Dzinali anawapatsa anzawo a ku ofesi, chifukwa ngakhale pothira shuga mu tiyi ankati chilichonse chimafuna dongosolo. Ndiye tsiku lomwe mng'ono wawo anawadula mawu pamsonkhano wa pabanja, pamaso pa ana, iwo analengeza kuti sadzamuyankhulanso mpaka atapepesa. Mng'onoyo, poti magazi ndi amodzi, naye anangosunga pakamwa.

Vuto linali lakuti mkangano usanabuke, a Dongosolo anali atamubwereketsa mng'ono wawoyo tayala la sipeya. Kuliitanitsa kukanatanthauza kuti ayambe ndi iwo kuyankhula. Choncho mvula inabwera n'kupita, iwo akuyenda ndi buti ya galimoto momwe munali jeke, sipanala ndi ulemu wawo basi.

Loweruka lina masana ankachokera kogula zinthu ndi akazi awo. Anali mkati mofotokoza kuti madalaivala a masiku ano sayang'ana kutsogolo pomwe tayala lakumanzere linalowa m'dzenje lodzaza madzi. Galimoto inalira ngati mphika wagwa pasimenti. Ataima pambali, anapeza tayala litang'ambika, limu, chitsulo chake cha pakati, itapindika ngati mlomo wa mwana wofuna kulira.

"Si kanthu," anatero a Dongosolo, uku akupinda manja a shati.

Anthu omwe ankadikira basi chapafupi anayamba kuonerera. Zimenezi zinawapatsa mphamvu. Anaika jeke, nakweza galimoto mpaka tayala linalendewera m'malere. Atakola sipanala pa nati n'kukanikiza, tayala lonse linangozungulira. Apo ndi pomwe anakumbukira zomwe malemu bambo awo, omwe ankayendetsa lole, ankanena: manati amamasulidwa tayala lidakali pansi. Koma kutsitsa galimoto anthu akuona kunali kuvomera kuti alakwitsa. Anakanikizanso. Tayala linazunguliranso, mwaulemu ndithu.

"Nanga likachoka muikapo chiyani, bambo?" anafunsa akazi awo. "Kabichiyu?"

Mayiwo anali atatulutsa kale foni kuti aimbire mlamu wawo.

Mng'ono uja anafika pa galimoto yake, natsitsa sipeya n'kuigubuduza mpaka pamapazi pa mlamu wake. Tsitsi lake linali litayamba imvi cha m'makutumu. A Dongosolo anaziona, ndipo zinawadabwitsa kuti imvizo zinamera osawadziwitsa.

"Alamu," anatero mng'onoyo, "muwauze akulu kuti katundu wawo ndi uyu."

"Mumuuze kuti mpweya ndi wochepa," anatero a Dongosolo, akuyang'ana kumwamba.

"Muwauze kuti linabwera lili choncho."

Mayiwo anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Ntchito yonyamula mawu imeneyi anali ataigwira pamaliro, kuchipatala, ngakhale pomwe apongozi awo ankafunika mankhwala, ndipo inali itawakwana.

"Tayala likuzungulira chifukwa palibe woponda buleki," anatero. "Ndikaponde ine."

Analowa m'galimoto mosamala kuti jeke isagwedezeke, natseka chitseko. Anakweza magalasi onse. Kenako anatsegula wailesi, n'kuyang'ana kutsogolo ngati munthu amene ali pa ulendo wautali.

Panja panatsala amuna awiri ndi sipanala imodzi.

A Dongosolo anakanikiza. Nati yoyamba inamasuka, yachiwiri nayonso. Yotsatira inali ya dzimbiri ndipo inakana. Anakanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, sipanala n'kupulumuka, chala n'kukhula phula la msewu. Mng'ono uja anaima poteropo, manja ali m'thumba, koma phazi lake linali litasuntha kale. A Dongosolo anagogoda pagalasi. Akazi awo ankagwedeza mutu motsatira nyimbo.

A Dongosolo anayamwa chala chija kwa kanthawi. Basi inabwera, oonerera onse anakwera n'kupita, ndipo panalibenso wina woti amuonetse dongosolo.

"Iwe," anatero, mawu ali okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa chaka chonse. "Tagwira uku."

"Ndagwira, akulu."

Anakanikiza onse awiri, nati n'kulira, n'kumasuka. Anachotsa tayala lowonongeka, nakweza sipeya, mmodzi atanyamula, wina akulunjika mabowo. Pomanga manati, wamkulu akamanga iyi, wamng'ono ankaloza ya kutsidya kwake, osati yoyandikana nayo, monga ankachitira bambo awo kuti tayala likhale mowongoka. Palibe anakumbutsa mnzake. Manja ankadziwa okha.

"Ukukalamba," anatero a Dongosolo potsitsa jeke.

"Ndikutsatira akuluakulu."

Kupepesa sikunamveke, ndipo a Dongosolo anaona kuti sakukufunafuna kwenikweni. Anawerama kuti anyamule tayala lopindika lija, koma mng'ono wawo anali atalinyamula kale n'kuliponya m'buti ya galimoto yake.

"Kufupi ndi kwathu kuli wowongola malimu. Mudzalitenge kunyumba."

"Ndidzatuma munthu."

"Wotumidwa sindimupatsa."

A Dongosolo anatsegula pakamwa kuti anene za dongosolo, koma anangopukuta manja pa thalauza. Atalowa m'galimoto, akazi awo anazimitsa wailesi.

"Ndisiye kuponda?"

"Siyani," anatero. Atasinthana mipando, analiza injini, nayang'ana pagalasi galimoto ya mng'ono wawo ikutembenuka ndi tayala lawo. "Mawa tikadzera kwawo. Galimoto siyenda yopanda sipeya."