Nsapato Zokhota za Mayi

Mayi anafika pakati pa khonde n'kuima, dzanja lili pakhoma. Mwendo wamanzere unakana. Chiikireni maliro a bambo, kakolo wawo anali wotupa moti sokosi inkasiya mzere.

Mwana wawo woyamba, wamwamuna, amene anabwera pagalimoto maganizo atamanga kale, anati nkhani yatha: mayi sangakhale okha, mawa anyamuka nawo, nyumba itsekedwe. Mayi anayankha kuti m'nyumba muno analowa ndi miyendo yawo, satulukamo atanyamulidwa ngati thumba. Koma pakamwa pokha sipayendetsa munthu.

Mwana wamkazi, yemwe onse ankamutchabe Chitsiriza ngakhale imvi zinali zitayamba, zinamuwawa kwambiri. Nyamakazi ya mayi sinali ya lero. Miyendo yawo inali ya matewe, ndipo adokotala anawafotokozera kalekale kuti kupindikako kumakankhira thupi lonse mbali imodzi ya kakolo, mafupa n'kumakhulana pamenepo, phazi n'kumapondera m'mbali. Komabe sabata yapitayo mayi ankapita okha kumsika. Chisoni chimafoola, inde, koma chinayamba liti kusankha mwendo?

Chitsiriza anayang'ana kumapazi kwawo. Munali nsapato zakuda zonyezimira, zimene mlamu wake, mkazi wa mwana woyamba uja, anagula kuti apongozi asachititse manyazi pamaliro. Atafunsa za nsapato zakale, mlamuyo anati anazitaya kudzala, zinali zokhota ngati zapondedwa ndi lole.

Chitsiriza anakafukula kudzalako, achibale akumuyang'ana ngati wazungulira mutu. Anazipeza mvula itaziwononga kale. M'kati mwa yamanzere munali kachidutswa ka tayala komatidwa bwinobwino, kokhuthala chakunja kwa chidendene, kopyapyala cham'kati. Bambo anakalambira pa ntchito yokonza matayala, ndipo ankakonda kunena kuti tayala likadyeka mbali imodzi usalikalipire, funa chimene chalipendeketsa. Ana ankayesa ndi nkhani za kugalaja basi.

Mayi ataona kachidutswako anagwira pakamwa. Anati bambo ankatenga nsapatozo kawirikawiri n'kupita nazo kukashedi kawo kuseri kwa nyumba, amvekere akukapolisha, iwo n'kumanyadira kuti anakwatiwa ndi mwamuna waukhondo.

Chitsiriza analowa m'kashedimo, natenga mpeni wa bambo ndi tayala lakale. Mlongo wake anaima pakhomo akuseweretsa makiyi.

"Ukufuna kuchiza nyamakazi ndi tayala?"

"Sindikuchiza, achimwene. Koma akayenda okha mpaka pageti, nyumba muwasiyire."

Iye anaseka, navomera, poti anali wotsimikiza kuti sizitheka.

Chidutswa choyamba chimene anadula chinatuluka chokhuthala kwambiri. Chachiwiri chinang'ambika. Pa chachitatu anadzicheka chala, anachiyamwa n'kupitiriza. Pofunafuna guluu pansi pa tebulo anakoka chitini chakale cha penti, ndipo atachitsegula anakhala pansi. Munali tizidutswa todulidwa kale, tosalala, tondandalikidwa bwino, kalikonse kokhuthala pang'ono kuposa kanzake. Bambo ankadziwa kuti mwendowo uzipindikirabe. Anadulira ndi zaka zimene iwo sadzakhalapo.

Anamata kopyapyala kwambiri mu nsapato yatsopano yamanzere ija, nadikira kuti guluu agwire. Mayi anavala. Anatsika pakhonde mano ali gwa, poti kutupa sikutha tsiku limodzi, ndipo mlamu atafuna kuwagwira mkono anamukankha. Anayenda pang'onopang'ono, akupumira m'njira, mpaka anagwira geti. Mwana woyamba uja anabweza makiyi m'thumba, napita kuseri kwa galimoto kukamina.

Atabwerera, mayi anaitanitsa chitini chija n'kuchiika pamiyendo. Anadutsitsa chala pa tizidutswato mpaka kotsiriza, kokhuthala ngati sopo, nakatembenuza m'manja kwa nthawi yaitali.

"Koma bambo anuwa," anatero, "ankaganiza kuti ine ndikhala zaka zingati?"